Jón Helgason ndi Alembi Opanda Maina a ku Iceland

M'chaka cha 1927, bambo wina wa zaka 28 wochokera ku Iceland anaikidwa kukhala woyang'anira nkhokwe ya mabuku akale olembedwa pamanja imene inkasungidwa mu laibulale ya yunivesite ya Copenhagen, ku Denmark. Mabuku ambiri a m'nkhokweyo analembedwa kwawo, m'chinenero cha makolo ake, ena mwa iwo pa zikopa za ana a ng'ombe zaka 600 kapena 700 iye asanabadwe, koma anali m'manja mwa dziko lina, ndipo iye wowasamalirayo ankalandira malipiro kuchokera ku dziko lomwelo. Dzina lake linali Jón Helgason, ndipo anakhala pa ntchito imeneyi zaka zoposa 40. Chimene chimandikoka kwa munthu ameneyu n'chakuti, pamene akatswiri ambiri a m'mbuyo mwake ankathamangira mabuku otchuka ndi akalekale, iye ankapereka ulemu womwewo kwa kapepala kothimbirira kolembedwa ndi mlimi kapena mbusa wosadziwika dzina, ndipo ankafuna kuona yekha ndi maso ake chilembo chilichonse asanachisindikize. M'nkhani ino ndizimutchula kuti Jón, monga mmene amachitira anthu akwawo, pakuti Helgason ndi dzina longosonyeza kuti anali mwana wa Helgi.

Anabadwa pa 30 June 1899 pa famu yotchedwa Rauðsgil, m'chigwa cha Reykholtsdalur chakumadzulo kwa Iceland, mtunda waufupi kuchokera ku Reykholt kumene kunkakhala Snorri Sturluson, mlembi wamkulu wa mbiri ya mafumu a ku Norway, amene anaphedwa pakhomo pake mu 1241. Pa nthawi imeneyo chilumba chonsecho chinali ndi anthu osakwana 80,000, chinali pansi pa mfumu ya ku Denmark, ndipo chinalibe yunivesite mpaka mu 1911. Komabe umphawi wa anthu ake sunawaletse kuwerenga. M'mafamu munali mwambo wakuti madzulo a nyengo yozizira, pamene mdima umagwa masana, banja lonse linkakhala m'chipinda chimodzi likupota ndi kuluka ubweya wa nkhosa, wina n'kumawawerengera mokweza nkhani zakale zotchedwa saga kapena kuwalakatulira ndakatulo zazitali. Chinenero chawo sichinasinthe kwambiri m'kalembedwe, moti munthu wamba ankatha kutsatira nkhani yolembedwa m'zaka za m'ma 1200 popanda womasulira. Jón anamaliza sukulu ku Reykjavík mu 1916, ali ndi zaka pafupifupi 17, n'kukwera sitima ya pamadzi kupita ku Copenhagen kukaphunzira zinenero ndi zolemba zakale za maiko a kumpoto kwa Ulaya. Anatenga digiri yake mu 1923, ndipo kupatula kanthawi kochepa kamene anaphunzitsa ku Oslo, mzinda wa Copenhagen ndiwo unakhala kwawo mpaka imfa yake.

Kuti timvetse chifukwa chake mwana wa ku Iceland ankayenera kuoloka nyanja kuti akawerenge mabuku a makolo ake, tiyenera kubwerera kwa Árni Magnússon, amene anabadwa mu 1663 n'kumwalira mu 1730. Iyeyu anali wa ku Iceland koma ankagwira ntchito ku Copenhagen, ndipo kuyambira mu 1702 mpaka 1712 mfumu inamutuma kwawo, pamodzi ndi Páll Vídalín, kukalemba kaundula wa minda ndi mafamu onse ndiponso kuchititsa kalembera wa anthu wa mu 1703. Poyenda famu ndi famu ankafunsa za mabuku akale, ndipo zimene ankapeza zinali zomvetsa chisoni. Anthu anali atayamba kukopera nkhani zawo pa mapepala, motero mabuku a zikopa, amene anali atada ndi utsi ndi thukuta la m'manja, ankaoneka ngati atha ntchito. Ena ankawang'amba kuti akutire mabuku atsopano. Masamba ena a buku lalikulu la mbiri ya Iceland lotchedwa Reykjarfjarðarbók anadulidwa kuti akhale patani yosokera zovala, ndipo tsamba lina la kabuku kofotokoza za nyama, kamene ndi kamodzi mwa zolemba zakale kwambiri za pachilumbapo, linabooledwa timabowo kuti likhale sefa ya ufa. Árni ankatola chilichonse, ngakhale kachidutswa ka chikopa kochepa ngati chikhatho, n'kulemba pa kapepala kumene wakapeza ndi amene wamupatsa.

Zonsezi anazitengera ku Copenhagen, ndipo mu October 1728 moto waukulu unabuka mumzindamo n'kuyaka masiku atatu. Laibulale ya yunivesite, imene inali m'chipinda cha pamwamba pa tchalitchi cha Trinitatis, inapsa. Nyumba ya Árni inapsanso, ndipo ngakhale kuti iye ndi omuthandiza anapulumutsa mabuku ambiri a zikopa, mabuku ake osindikizidwa ndi zolemba zina zambiri zinasanduka phulusa. Zotsalazo anazisiyira yunivesite ya Copenhagen, pamodzi ndi chuma chake choti chizithandiza pa kuzisindikiza, ndipo imeneyi ndiyo nkhokwe imene Jón Helgason anaipeza patapita zaka pafupifupi 200.

Mutu umene Jón anasankha pa digiri yake ya udokotala, imene analandira ku yunivesite ya Iceland mu 1926, ukusonyeza kale kumene mtima wake unkaloza. Analemba za Jón Ólafsson wa ku Grunnavík, mnyamata amene ankakopera mabuku m'nyumba ya Árni, amene anaona moto uja ndi maso ake, ndiponso amene anakhala zaka zambiri za moyo wake ku Copenhagen ali wosauka, akulemba dikishonale yaikulu ya chinenero chake imene sinasindikizidwe iye ali moyo. Anthu ankamuona ngati wachilendo m'maganizo, ndipo mafotokozedwe ake a kumene mawu anachokera ankasekedwa. Koma munthu yemweyu anachita chinthu chimene sichiyenera kuiwalika. Árni anali atabwereka ku Stockholm masamba 12 oyambirira a buku lokhalo lakale la nkhani yotchedwa Heiðarvíga saga, mnyamatayo n'kuwakopera, ndipo masambawo pamodzi ndi kope lake zinapsera limodzi pa moto uja. Patapita chaka ndi miyezi, Jón wa ku Grunnavík anakhala pansi n'kulemba kuchokera m'mutu zonse zimene ankakumbukira za gawo lotayikalo, ndipo mpaka lero aliyense wowerenga chiyambi cha nkhaniyi amawerenga zimene iye anakumbukira. Katswiri wachinyamata wofuna kutchuka msanga akanasankha kulemba za Snorri. Jón Helgason anasankha wantchito wa m'nyumba, ndipo ine ndimaona kuti chisankho chimenechi ndi chimene anapitiriza kuchita m'zaka zonse zotsatira.

Apa ndiyenera kufotokoza ntchito yeniyeni ya munthu wokonza zolemba zakale kuti zisindikizidwe, chifukwa popanda kuidziwa n'kovuta kumvetsa chifukwa chake buku limodzi lingadye zaka khumi za moyo wa munthu. Palibe saga ngakhale imodzi imene tili nayo m'dzanja la amene anaiyambitsa. Zimene zilipo ndi makope a makope, ndipo mlembi aliyense ankasiyamo zake. Wina ankadumpha mzere wonse chifukwa diso lake lachoka pa liwu lina n'kukatera pa liwu lofanana nalo m'munsi. Wina ankakumana ndi liwu lakale limene sankalidziwa n'kuikapo lina lodziwika. Wina ankafupikitsa nkhani kuti chikopa chimukwanire, pakuti chikopa chinali chuma: buku lalikulu la Flateyjarbók, limene ansembe awiri analemba cha m'ma 1387 mpaka 1394, lili ndi masamba 225 ndipo linadya zikopa za ana a ng'ombe 113. Pofuna kusunga malo, alembi a ku Iceland ankadula mawu kwambiri, kulemba chilembo chimodzi kapena ziwiri ndi kachizindikiro pamwamba m'malo mwa liwu lathunthu. Zilembo i, n, m ndi u zinkalembedwa ndi timizere toimirira tofanana, kawirikawiri popanda kadontho pa i, kotero kuti pa tsamba lofufutika wowerenga amayenera kuwerengetsa timizereto kuti adziwe liwu limene lili pamenepo. Chilembo s chachitali chimasiyana pang'ono zedi ndi zilembo zina zoimirira inki ikazilala.

Wokonza bukuyo amasonkhanitsa makope onse amene alipo, ena ku Copenhagen, ena ku Stockholm, ku Uppsala, ku Reykjavík kapena ku London, n'kuwayerekezera liwu ndi liwu. Chimene chimamuthandiza kwambiri ndi zolakwa zomwezo, chifukwa alembi awiri osadziwana sangalakwitse mofanana kambirimbiri mwangozi, ndipo makope akagwirizana pa zolakwa zachilendo ndiye kuti anachokera kwa kholo limodzi, monga mmene mphuno ya agogo imaonekera pa adzukulu amene sanaonanepo. Potsatira zimenezi amadziwa kope limene linabala linzake, limene lingaikidwe pambali chifukwa gwero lake lilipo, ndi limene, ngakhale ndi laposachedwa, linakoperedwa ku buku la chikopa limene linatayika. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito iyi ilibe njira yachidule.

Jón anasonyeza luso limeneli ali ndi zaka 25 zokha, pamene mu 1924 anatulutsa Heiðreks saga, nkhani ya lupanga lotembereredwa ndi mibadwo ya anthu amene linawapha, momwe mulinso mpikisano wotchuka wa ndagi pakati pa mfumu Heiðrekr ndi mulungu Óðinn atadzizimbaitsa. Nkhaniyi inafika kwa ife m'mitundu itatu. Umodzi uli m'buku la chikopa la m'zaka za m'ma 1400, wina uli mu Hauksbók, buku la Haukur Erlendsson amene anamwalira mu 1334, ndipo wachitatu uli pa mapepala a m'zaka za m'ma 1600, makamaka m'kope losungidwa ku Uppsala limene lili ndi zolakwa zochuluka kwambiri. Munthu wongoyang'ana zaka akanalitaya kope lachitatuli. Koma buku la chikopa la m'ma 1400 lija limathera panjira chifukwa masamba ake omaliza anatayika, ndipo gawo lalikulu la ndakatulo ya nkhondo ya pakati pa mitundu iwiri ya anthu akale, Agoti ndi Ahani, imene akatswiri amaiika m'gulu la ndakatulo zakale kwambiri za chinenerochi, linapulumuka m'mapepala onyozekawo basi. Jón anasanthula ubale wa mitundu itatuyi n'kuisindikiza mosamala, ndipo onse amene anamasulira kapena kufufuza nkhaniyi pambuyo pake, kuphatikizapo Christopher Tolkien amene anaitulutsa m'Chingelezi mu 1960, anadalira ntchito yake. Ndakatuloyi sinamuchoke mumtima, moti mu 1967 anaibwereranso m'buku lofotokozera anthu wamba akwawo ndakatulo zakale za Agoti ndi Ahani.

Mu 1929 anakhala pulofesa pa yunivesite ya Copenhagen, kulowa m'malo mwa Finnur Jónsson, wa ku Iceland mnzake amene anasindikiza mabuku ochuluka modabwitsa, kuphatikizapo mavoliyumu anayi a ndakatulo zonse za alakatuli akale a m'mabwalo a mafumu, amene anatuluka pakati pa 1912 ndi 1915. Sindikufuna kumuchepsa Finnur, chifukwa popanda liwiro lake mbadwo wonse wa ophunzira ukanasowa chowerenga. Koma liwiro lili ndi mtengo wake, ndipo m'mabuku ake makope aposachedwa kawirikawiri ankangotchulidwa mongodutsa. Jón anabweretsa muyezo wina: kufufuza makope onse, kusindikiza mawu monga mmene mlembi anawalembera, kusonyeza ndi zilembo zopendekera paliponse pamene wokonza wadzaza liwu lodulidwa, ndi kuika m'munsi mwa tsamba zimene makope ena akunena, kuti wowerenga athe kutsutsa wokonzayo ngati ali ndi chifukwa. Mbali yomalizayi ndi imene ndimailemekeza kwambiri, chifukwa munthu wogwira ntchito motere amapereka yekha kwa omutsutsa zida zomutsutsira.

Chaka chomwecho cha 1929 anatulutsa buku lofufuza chinenero cha Chipangano Chatsopano chimene Oddur Gottskálksson anamasulira, chimene chinasindikizidwa ku Roskilde mu 1540 ndipo ndilo buku lakale kwambiri losindikizidwa m'chinenero cha ku Iceland limene lilipo. Mbiri imati Oddur, amene anali mlembi wa bishopu wa Chikatolika ku Skálholt, anayamba kumasulirako mobisa m'khola la ng'ombe, kumene kunali kotentherako ndiponso kumene bishopuyo sakanamupeza. Pa nthawi ya Jón, ambiri ankaona zaka za pambuyo pa 1400 ngati nyengo imene chinenero chinaonongeka ndi mawu obwereka ku Chidanishi ndi Chijeremani, yosayenera kutayirapo nthawi. Iye anaona kuti munthu sangamvetse mmene chinenero cha masaga chinafikira m'kamwa mwa alimi a m'nthawi yake atadumpha zaka 400 za pakati.

Ntchito yaikulu ya zaka za m'ma 1930 inali mbiri ya Olav Woyera, mfumu ya ku Norway imene inafera ku Stiklestad mu 1030, monga mmene Snorri anailembera. Anaikonza pamodzi ndi katswiri wa ku Norway Oscar Albert Johnsen, ndipo inatha kusindikizidwa mu 1941 m'mavoliyumu awiri, atatenga buku la chikopa la ku Stockholm ngati maziko n'kuliyerekezera ndi makope ena ambirimbiri. Koma m'zaka zomwezo ankagwiranso ntchito ina imene inalibe ulemerero wotero. Pakati pa 1936 ndi 1938 anatulutsa ndakatulo zachipembedzo za kumapeto kwa nyengo ya Chikatolika ku Iceland, zotamanda Mariya ndi oyera mtima, zimene pambuyo pa kusintha kwa mpingo zinkakoperedwa mwakachetechete kapena kusinthidwa mawu kuti zigwirizane ndi chiphunzitso cha Luther. Atakalamba anatembenukira ku nyimbo zosimba nkhani zimene anthu ankaimba povina, zimene zinayamba kulembedwa m'zaka za m'ma 1600 ndipo zambiri zinatengedwa kukamwa kwa amayi osatchulidwa maina. Anazisindikiza m'mavoliyumu 8 kuyambira mu 1962 mpaka 1981, ndipo m'malo mosakaniza makope kuti apange nyimbo imodzi yosalala, anasindikiza mtundu uliwonse monga mmene unapezekera m'buku lake. Voliyumu yomaliza inatuluka ali ndi zaka 82.

Chidwi choterechi nthawi zina chimatulukira zinthu zimene palibe ankazifuna. Pofufuza mapepala a m'nkhokwe ija, Jón anapeza mindandanda iwiri ya mawu imene anthu a kumpoto chakumadzulo kwa Iceland analemba pofuna kumvana ndi asodzi a anamgumi a mtundu wa Basque, amene ankafika kumagombe awo m'zaka za m'ma 1600 kuchokera kumalire a Spain ndi France. Iye sanali katswiri wa chinenero chimenecho, choncho anadziwitsa amene ankachidziwa, ndipo Nicolaas Deen wa ku Netherlands anaisindikiza mu 1937. M'mindandandayo muli ziganizo za chinenero chosakanizika cha pamalonda, umboni wa mmene alimi osauka ndi amalinyero achilendo ankagulitsirana ndi kutukwanirana pa gombe lakutali.

Munthu angaganize kuti wokonda timizere ta zilembo chotere anali wouma mtima, koma Jón anali mmodzi wa alakatuli olemekezeka kwambiri a ku Iceland m'zaka za m'ma 1900, ngakhale kuti ndakatulo zake n'zochepa. Buku lake lotchedwa Úr landsuðri linatuluka mu 1939. Linali ndi ndakatulo zambiri zonyodola, pakuti iye ankadziwika ndi lilime lakuthwa, ndipo potulutsanso bukulo mu 1948 anachotsamo zambiri mwa zimenezo. Zimene anthu akwawo anaziloweza ndi zina: ya famu imene anabadwira, ya ulendo wa m'maganizo wodutsa m'mapiri ndi m'magombe a dziko lake, ndiponso ya m'chipinda chake cha ntchito, yotchedwa Í Árnasafni. M'ndakatulo yomalizayi amakhala pakati pa mabuku a Árni, phokoso la mumsewu likumveka kunja, akulingalira za manja amene analemba masambawo, ndipo amavomereza poyera kuti zilembo zimazilala, chikopa chimaola, ndipo ngakhale ntchito yake yomwe idzatha. Ndikaiganizira ndakatulo imeneyi ndimaona kuti kudekha kwake sikunachokere m'chikhulupiriro chakuti akupulumutsa zinthu kwamuyaya. Ankadziwa kuti akungotalikitsa moyo wa mawuwo ndi mibadwo ingapo, ndipo anaona kuti zimenezo n'zokwanira kuti munthu aperekepo moyo wake.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inamulekanitsa ndi kwawo kotheratu. Mu April 1940 asilikali a Germany analanda Denmark, mwezi wotsatira asilikali a Britain anafika ku Iceland, ndipo anthu a ku Iceland amene anali ku Copenhagen anatsekeredwa kumeneko zaka zisanu. Jón ndi mnzake Jakob Benediktsson ankasonkhanitsa anthu akwawowo madzulo n'kumawawerengera zolemba za dziko lawo, zakale ndi zatsopano, monga mmene zinkachitikira m'mafamu. Pa 17 June 1944, iwo akali otsekeredwa, Iceland inadzilengeza kukhala dziko loima palokha lopanda mfumu, ndipo nkhondo itangotha funso limene linali likunong'onedwa kwa zaka zambiri linayamba kufunsidwa mokweza: kodi mabuku aja abwerera liti?

Mkangano umenewu unatenga zaka zoposa 25. Anthu a ku Iceland ankati mabukuwo ndiwo chuma chawo chachikulu, pakuti dziko lawo lilibe nyumba zachifumu zakale kapena matchalitchi akuluakulu amiyala a m'nthawi imeneyo, ndipo anapita ku Copenhagen pamene mzindawo unali likulu lawo lomwe ndipo yunivesite yake inali yunivesite yawo. Akatswiri ambiri a ku Denmark ankayankha kuti Árni anawapereka mwalamulo, kuti akanakhala ku Iceland akanaolera m'nyumba zachinyontho, ndiponso kuti nkhani zambiri za m'menemo ndi za maiko onse a kumpoto. Nyumba ya Malamulo ya ku Denmark inavomereza zobweza mabukuwo mu 1961, koma aphungu otsutsa anagwiritsa ntchito ndime ya malamulo aakulu a dzikolo yokhudza kulanda katundu, nkhaniyo n'kuimitsidwa mpaka chisankho china chitachitika. Lamulolo linavomerezedwanso mu 1965, bungwe loyang'anira chuma cha Árni linakasuma, ndipo khoti lalikulu linagamula kawiri, mu 1966 ndi mu March 1971, mokomera boma.

Pakati pa zonsezi panali Jón, mwana wa ku Iceland wolembedwa ntchito ndi Denmark kuti asunge chimene anthu akwawo ankachifuna, ndipo aliyense angaone kulemera kwa malo amene anaimapo. Chimene tingachione bwino ndi zimene anachita m'zaka zimenezo. Cha m'ma 1956 nkhokwe ija inasanduka bungwe la kafukufuku loima palokha lotsogoleredwa ndi iye, n'kusamukira ku nyumba yotchedwa Proviantgården, kumene kunakhazikitsidwa chipinda chojambulira zithunzi ndi china chokonzera mabuku oonongeka. Anayambitsa ndi kuyang'anira mindandanda ya mabuku a kafukufuku ndi a zolemba zokonzedwa mwaukatswiri, umodzi kuyambira mu 1941 ndi wina kuyambira mu 1958, ndiponso mabuku a zithunzi za masamba enieniwo, kuti wophunzira wa kutali athe kuona dzanja la mlembi popanda kugwira chikopacho. Mu 1958 analembera anthu wamba akwawo buku lofotokoza mbiri ya mabukuwo m'chinenero chosavuta. Ndipo akatswiri achinyamata a ku Iceland amene pambuyo pake anadzakhala mizati ya bungwe losunga ndi kufufuza mabukuwa ku Reykjavík, monga Ólafur Halldórsson ndi Stefán Karlsson, anakhala zaka zambiri ku Copenhagen akugwira ntchito m'nkhokwe imene iye ankaiyang'anira.

Ine ndimakhulupirira kuti kubweza mabukuwo kunali chilungamo, ndipo Denmark iyenera kuyamikiridwa chifukwa inachita zimene maiko ambiri osunga chuma cha anzawo akukanabe mpaka lero. Koma ndimaonanso kuti kubwezako kukanakhala kopanda phindu lalikulu pakanapanda anthu odziwa kuwerenga masambawo, ndipo pa mbali imeneyi Jón anathandiza dziko lake kwambiri ali kunja.

Pa 21 April 1971, sitima yankhondo ya ku Denmark yotchedwa Vædderen inaima padoko la Reykjavík itanyamula mabuku awiri, ndipo khamu la anthu linadzaza gombe kudzawalandira. Limodzi linali Flateyjarbók. Linalo linali Codex Regius, kabuku kakang'ono kakuda ka masamba 45 kolembedwa cha m'ma 1270, momwe muli ndakatulo za milungu ndi ngwazi zakale zimene zambiri sizipezeka kwina kulikonse, ndipo bishopu Brynjólfur Sveinsson anakatumiza kwa mfumu mu 1662. Mabuku enawo anagawidwa pang'onopang'ono potsatira mfundo yakuti ku Iceland kupite zimene zinalembedwa ndi anthu a kumeneko ndipo zikukamba makamaka za dzikolo, motero mbiri zambiri za mafumu a ku Norway zinatsala ku Copenhagen. Buku lililonse linkayamba lakonzedwa ndi kujambulidwa lisananyamuke, n'chifukwa chake ntchitoyi inatha mu 1997, mabuku ndi zidutswa 1,666 za m'nkhokwe ya Árni ndi ena 141 a mu laibulale ya mfumu atawoloka nyanja. Mu 2009 bungwe la UNESCO linaika nkhokwe yonseyo, mbali zake zonse ziwiri, m'kaundula wa zolemba zofunika kwa anthu onse a padziko.

Jón sanatsatire mabukuwo kwawo. Anapuma pa udindo wake cha pa nthawi yomwe mabuku oyamba ankanyamuka, mpando wake wa upulofesa unapita kwa Jonna Louis-Jensen, ndipo iye anapitiriza kugwira ntchito ku Copenhagen, mkazi wake wachiwiri Agnete Loth ali katswiri wa ntchito yomweyo. Anamwalira mumzindamo pa 19 January 1986. Anasiya ntchito imodzi yaikulu yosatha, ya Egils saga, nkhani ya mlakatuli wankhanza wa m'chigawo cha Borgarfjörður chomwe iye anabadwira, imene anakhala akusonkhanitsa ndi kuyerekezera makope ake kwa zaka zambiri osafika pokhutira kuti aitulutse. Ena anatenga mapepala ake n'kupitiriza: Bjarni Einarsson anatulutsa voliyumu ya mtundu woyamba wa nkhaniyi mu 2001, ndipo Michael Chesnutt anatulutsa ya mtundu wachitatu mu 2006, onse awiri atamanga pa zimene Jón anali atakonza kale.